Mpira wa Akuluakulu Sutuluka

Robson Mponda anabadwira ku Libuyu, mu tauni ya Livingstone, kutatsala zaka zitatu kuti dziko la Zambia lilandire ufulu, ndipo anasewera tenesi moyo wake wonse osalakwira munthu. Odziwa masewerowa ankati vuto lake linali lomwelo.

Bambo ake anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, kudzafuna ntchito ya njanji. Anaipeza, naigwira mpaka msana unayamba kukana, kenaka anapeza malo pa kalabu ina kufupi ndi dera la Nottie Broadie, kumene ankasamala mabwalo awiri a tenesi. Mabwalowo anali a dothi la pachulu. M'mawa ankawathirira madzi, n'kugubuduzapo chitsulo cholemera kuti dothi ligwirane, n'kujambula mizere ndi laimu. Lamlungu ankavala jekete lakuda n'kukhala pa benchi ya akulu a mpingo. Ana awo anawalera ndi lamulo limodzi lokha, loti wamkulu satsutsidwa. Wamkulu akanena kuti sitima yadutsa kale, iwe ukuimva ikulira kuseri kwa mitengo, yankho lako linali lakuti mwina yadutsadi.

Robson anatenga zonse ziwiri, tenesi ndi lamulolo. Laketi yake yoyamba inali yamtengo, yotayidwa ndi dokotala wina amene ankabwerera kwawo. Pofika zaka makumi awiri anali atapeza ntchito pa fakitale ya mabulangete, ndipo madzulo aliwonse ankapalasa njinga kupita ku kalabu, laketi ataimanga kumsana ngati mwana. Anali ndi dzanja labwino ndi mapapo a munthu wosasuta. Mpira ankaubweza mpaka mnzake atatopa n'kuyamba kuganiza za kunyumba.

Tsono tenesi ya pakalabu ilibe woimbira. Aliyense amaweruza mbali yake. Mpira wa mnzako ukagwera kunja kwa mzere, iwe amene uli pafupi ndiwe uyenera kunena kuti watuluka, ndipo uyenera kunena mokweza. Kwa Robson zimenezi zinali kuuza munthu wamkulu, pamaso pa anthu, kuti walakwitsa. Pakamwa pake sipankatheka. Mpira ukamenya waya wa mpanda ankangoutola mwakachetechete, wamkuluyo n'kuzindikira yekha. Koma ukaphonya mzere ndi chala, kapena chikhatho, Robson ankayang'ana chidindo chimene mpira wasiya padothi, n'kuyang'ana kumwamba pang'ono, n'kunena kuti mwina walowa.

Amene anapindula kwambiri ndi mawu amenewa anali ba Kalaluka, munthu wamtali amene anagwira ntchito ku positi mpaka kupuma. Ba Kalaluka sanapemphepo kuti awakomere mtima. Ankangoti, “Ngati watero, mwana wanga,” n'kupita kukaima mbali ina. Chaka ndi chaka awiriwa ankakumana pa masewero omaliza a chikho cha kalabu, ndipo chaka ndi chaka chikho chinkapita kwa ba Kalaluka. Wachiwiri ankalandira fulasiki ya tiyi. Kunyumba kwa Robson kunali mafulasiki okwanira pamaliro aakulu, ndipo amayi a mumpingo ankadziwa kokabwereka.

Anyamata ocheperapo msinkhu iwo analibe lamulo limeneli. Anali ana a m'tauni, obadwira m'makomo a zinenero zitatu, ndipo mpira wa Robson ukagwera pamzere penipeni ankakuwa kuti auti, ena mpaka kupondapo ndi nsapato kuti chidindo chisaoneke. Wodziwika pa zimenezi anali Lubinda, amene masana ankasintha ndalama pa mlatho wa pamalire a dziko. Robson sankadandaula. Anangophunzira kuponya mipira yake m'kati kwambiri, kutali ndi mizere, ndipo ankawagonjetsabe. Ulemu ankaupereka kumwamba, kuchokera pansi osalandira kanthu.

Kunja kwa tauni anapitako kamodzi, ku Ndola, pa mpikisano wa dziko lonse. Tsiku loyamba anagonjetsa mwana wa sukulu mosavuta, anthu a ku Copperbelt n'kumafunsana kuti munthuyu ankabisala kuti. Tsiku lachiwiri anamukumanitsa ndi mphunzitsi wamkulu wa imvi m'makutu. Anabwerera pa sitima ya tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo anthu ankanena kuti Robson ali m'gulu la osewera makumi awiri apamwamba m'Zambia, ngakhale palibe amene ankadziwa kuti mawuwo anayamba ndi ndani.

Mkazi wake Namakau anali Mlozi, ndipo za ulemu sankafunika kuphunzitsidwa. Ankagwada ndi kuomba m'manja bwino kuposa aliyense ku Libuyu. Koma iye ankati ulemu uli ndi malo ake, kunyumba, kutchalitchi ndi pamaliro, osati pamalo pamene amuna akuluakulu avala makabudula n'kumathamangitsa kampira. Robson ankayankha kuti zaka za munthu sizivulidwa pamodzi ndi buluku. Nkhaniyi anakangana nayo kuyambira asanakwatirane mpaka mwana wawo Ada atayamba sukulu, ndipo palibe anasuntha.

Robson anali ndi njira yake, imene sankaiuza munthu. Ankadikira. Akuluakulu a pakalabu ankachepa okha. Wina mawondo anamugwira, wina anasamukira kwa ana ake ku Kabwe, ba Kalaluka maso anayamba kuchita nkhungu. Robson sanapemphererepo zimenezi, popeza anali Mkhristu, koma ankaziona. Anawerengera kuti tsiku lina iye ndiye adzakhala wamkulu pabwalo, ndipo chikho chidzabwera chokha popanda kuchimwira munthu.

Chimene sanawerengere n'chakuti kalabu ingathe kufa iye asanakalambe. Zaka za m'ma 1990 zitayamba, mafakitale a mu Livingstone anayamba kutseka limodzilimodzi. Anthu olipira ku kalabu anabalalika. Udzu unamera pamizere, neti inaola, mbuzi zinapeza pobowoka pa waya. Chikho chinatsalira pa kabati ya ba Kalaluka, popeza panalibenso wochiitanitsa. Fakitale ya mabulangete nayo inatseka, ndipo Robson anayamba kuima mumsewu wa Mosi-oa-Tunya m'mawa kudikira ganyu, lero kutsitsa simenti, mawa kupenta sitolo ya Mmwenye. Namakau ankagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala. Ada anakhoza bwino mayeso a giredi seveni, zimene zinawasangalatsa ndi kuwadetsa nkhawa nthawi imodzi.

M'chaka cha 1996 loji ina yatsopano m'mbali mwa mtsinje inamanga bwalo la tenesi, la dothi la pachulu lomwelo, ndipo inafuna munthu wophunzitsa ndi kusewera ndi alendo. Inali ntchito ya pamwezi, yokhala ndi yunifolomu ndi chakudya cha masana. M'tauni monse munali mutatsala anthu awiri okha okhala ndi malaketi a zingwe zonse, Robson ndi Lubinda. Woyang'anira lojiyo, mtsikana wolankhula mwachangu dzina lake Chantel, sankadziwa tenesi ndipo sanabise. Mwamwayi pa lojipo panali mlendo woidziwa.

Mlendoyo anali wa ku Spain, dzina lake Anselmo, koma ogwira ntchito kukhitchini anali atamusandutsa kale ba Selemani. Tenesi inali ntchito yake yeniyeni. Ankayenda dziko ndi dziko pa mabasi ndi ndege zotsika mtengo, kulowa m'mipikisano ing'onoing'ono, kugonja tsiku loyamba kapena lachiwiri, n'kumanga chikwama. Zingwe za malaketi ankamanga yekha, masokosi ankachapa yekha. Nthawi imeneyo anali atagonja ku Bulawayo, ndipo anawoloka mlatho kuti aone mathithi poyembekeza mpikisano wina. Kunamveka kuti pa dziko lonse lapansi anali nambala mazana asanu ndi awiri ndi kanthu. Ena ku Libuyu anati imeneyo ndi nambala yaikulu. Ena anati n'chimodzimodzi kunena kuti pali anthu odzaza tchalitchi amene amamugonjetsa.

Chantel anakonza zinthu mwachidule. Aliyense mwa awiriwo asewera seti imodzi ndi mlendoyo, ndiye kuti mpaka wina atafika magemu asanu ndi limodzi, ndipo amene alande magemu ambiri atenga ntchito. Namakau anakapereka nkhaniyi kwa amayi a Chigwirizano kuti aipempherere. Amayiwo sanadziwe chopempha pa nkhani ya tenesi, choncho anapempha kuti chifuniro cha Mulungu chichitike, ndipo Namakau anaonjezera chamumtima zimene ankafuna kuti chifunirocho chikhale.

Lubinda anasewera Loweruka m'mawa. Anakuwa auti kangapo, anaponda zidindo zingapo, koma sanapeze gemu ndi imodzi yomwe. Robson atafika masana anamupeza atakhala pamthunzi, thaulo lili kumutu. Robson ankangofunika gemu imodzi basi.

Kenaka anamuona mlendoyo. Anali ndi dazi loyambira pamphumi mpaka kunkhongo, lopsa ndi dzuwa. Ndevu zake zinali ndi imvi apa ndi apo. Bondo limodzi linali lomangidwa bandeji, ndipo podzuka pampando anabuula ngati mmene ankabuulira malemu bambo a Robson. Pafupi naye panakhala mayi wachizungu wa chisoti chachikulu, akusenda lalanje, ndipo aliyense anaona kuti ameneyo ndi mkazi wake. Robson anafunsa Lubinda monong'ona ngati akudziwa zaka za munthuyo.

“Ni mdala, ba Robbie,” anatero Lubinda, osachotsa thaulo. “Simuona dazi? Mumuchitile bwino.”

Robson anapita kukapereka moni ndi manja awiri, atapinda mawondo. Mlendoyo anadabwa pang'ono, nayenso n'kupinda ake, bondo lija n'kulira.

Anthu a ku Libuyu anabwera angapo, n'kuima kunja kwa waya. Ba Kalaluka anabwera ndi ndodo, anawapatsa mpando. Robson anapemphera mwachidule pafupi ndi mtengo wa neti, masewero n'kuyamba.

Mipira ya munthu uja inali ya mtundu wina. Inkabwera ikuzungulira, ikagunda pansi n'kudumpha mpaka m'mapewa. Magemu atatu oyamba anapita Robson akuphunzira kumene poima. Koma mapapo ake anali omwe aja, ndipo mu gemu yachinayi, iye ali woyambitsa mpira, anabweza ndi kubweza mpaka kunatsala pointi imodzi kuti gemu ikhale yake. Mlendoyo anamenya mwamphamvu kulunjika pakona. Mpira unagwa kunja ndi zala ziwiri. Chidindo chinaoneka bwinobwino, ndipo pakati pa icho ndi laimu panali dothi lofiira loti nyerere zikanadutsapo zitanyamula katundu. Anthu a kuwaya anayamba kukweza manja.

Robson anayang'ana chidindocho, anayang'ana kumwamba pang'ono, n'kunena m'Chingerezi chaulemu kuti mwina walowa.

Mlendoyo anabwera pa neti, n'kufunsa ndi nkhope ndi manja ngati akunenadi zoona. Robson anagwedeza mutu kuvomera. M'gemu yomweyo zinachitikanso kachiwiri, ndipo gemuyo inapita. Lubinda anachotsa thaulo kumutu n'kukhala tsonga. Ba Kalaluka anauza munthu amene anali pafupi nawo kuti mnyamatayo analeredwa bwino.

Namakau sanathe kupitiriza kuonera. Anachoka pawaya n'kukakhala pansi pafupi ndi mayi wa chisoti uja, ndipo pofuna kuti asangokhala duu, anawafunsa m'Chingerezi cha kumsika kuti iwo ndi amuna awowo ali ndi ana angati. Mayiwo anamvetsa mochedwa. Atamvetsa anaseka mpaka lalanje linagwera m'dothi. Anati amuna awo ali ku Spain, akuyang'anira sitolo. Uyu ndi mwana wawo womaliza, ndipo anabwera naye chifukwa sadya bwino akakhala yekha. Anabadwa sabata imene anthu anakaponda pamwezi. Dazi ndi la kwa bambo ake, onse limawayamba asanakwatire.

Pamenepo magemu anali asanu kwa mlendo, kwa Robson palibe, ndipo osewera anali akupuma kuti asinthane mbali. Namakau anapita kumbuyo kwa mpando wa mwamuna wake, nagwada kunja kwa waya monga mwa mwambo.

“Batate ba Ada, uja si mdala. Ni mwana. Baja ba chisote ni bamai bake.”

Robson anasiya kumwa madzi. “Nanga dazi?”

“Ni ya pa mtundu. Anabadwa pamene bazungu banayenda ku mwezi. Imwe munali kale ku sukulu.”

Robson ankalikumbukira tsikulo. Aphunzitsi anabweretsa wailesi m'kalasi, ndipo bambo ake madzulo anati nkhaniyo aisiye kaye mpaka abusa ayankhulepo. Anayang'ana kutsidya kwa neti. Munthu uja anali akulandira chidutswa cha lalanje kwa mayi ake, ndipo mayiwo ankamukonza kolala. Robson anakumbukira kuti wapereka gemu yathunthu kwa mwana ameneyu, anthu akuona, ndiponso kuti anamupindira mawondo. Anatseka botolo bwinobwino n'kuimirira.

Gemu yachisanu ndi chimodzi woyambitsa anali iye. Mpira wachiwiri wa mlendo unaphonya mzere ndi chala chimodzi chokha, ndipo Robson ananena kuti watuluka, m'Chichewa cha ku Ntcheu, ndi mawu amene anthu ankawamva pokhapokha akamatsogolera nyimbo pamaliro. Mlendoyo anangokweza dzanja kuvomera. Anamenyana, pointi uku pointi uko, mpaka kunatsalanso imodzi kuti gemu ikhale ya Robson. Anabwezerana nthawi yaitali. Pamapeto pake Robson anachita chimene anasiya kalekale. Analunjika pamzere penipeni.

Mpira unagwera m'mphepete, mbali ya mlendo. Woweruza tsopano anali mlendoyo. Anayenda pang'onopang'ono, anawerama, anayang'ana chidindo. Kenaka anachifufuta ndi nsapato n'kutembenuka.

Robson anali ataonapo nsapato ikuchita zimenezo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankangokhala chete. Tsiku limeneli anaika laketi pansi, anazungulira mtengo wa neti, n'kulowa mbali ya mnzake, kumene wosewera saloledwa kupita. Anaima patsogolo pa munthu wa dazi uja, amene ankamuposa kutalika, n'kuyamba.

“Iwe mwana iwe, kwanu anakulera ndani? Ukufufuta umboni ine ndikuona, mayi ako ali pomwepa?”

Zotsatira zake zinali zambiri, ndipo si zonse zimene zinkakhudza Anselmo. Ananena za ana a masiku ano amene alibe manyazi, za mipira imene anaberedwa kuyambira kale osayankha, za anthu oponda zidindo m'mawa n'kukadya nawo mgonero Lamlungu. Pamenepo Lubinda anabwezera thaulo kumutu. Ananenanso kuti munthu wamkulu akachita kukuchitira ulemu mosayenera, iwe umafunika kukana. Mlendoyo anamvetsera zonse atagwira laketi ndi manja awiri, akugwedeza mutu pamene Robson wapumira, popeza sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Robson atamaliza, mlendoyo anamuloza pachifuwa ndi chala n'kunena kuti gemu.

Chantel analowa m'bwalo n'kulankhula ndi mlendoyo pang'ono, kenaka anafotokozera Robson. Kwawo kwa munthuyu mabwalo ambiri ndi adothi ngati lomweli. Wosewera akaona kuti mpira watuluka amazunguliza chidindo ndi laketi kuti mnzake adzaone. Koma akachifufuta ndi phazi ndiye kuti wavomera kuti mpira walowa, palibenso chokambirana, pointi ndi ya mnzake. Gemu inali ya Robson kuyambira nsapato ija itagunda pansi.

Robson anayang'ana pamene panali chidindo chija. Lamulo la bambo ake linkanena zambiri za mmene mwana apepesere kwa wamkulu, koma za wamkulu amene wakalipira mwana wosalakwa silinanene kanthu. Kenaka anamusisita mlendoyo paphewa.

“Wachita bwino,” anatero. “Uzipitiriza choncho.”

Anabwerera mbali yake. Mlendoyo anayambitsa gemu yomaliza ndi mipira inayi imene Robson anangoimva ikumenya waya, ndipo seti inatha, magemu asanu ndi limodzi kwa imodzi.

Lubinda anadandaula kuti gemuyo inali yopatsidwa, ndipo popeza chidindo chafufutidwa palibe angadziwe zoona. Chantel anayankha kuti iye tenesi saidziwa, koma akudziwa kuti imodzi imaposa palibe. Anauza Robson kuti abwere Lolemba kudzayesa yunifolomu. Namakau anapita kukaomba m'manja kwa mayi wa chisoti, amene mpaka lero mwina sadziwa chimene anathokozedwera.

Anselmo ndi mayi ake anakwera basi patapita masiku ochepa, kupita ku mpikisano wina, ndipo ku Livingstone sikunamvekenso za iye. Robson anagwira ntchito pa loji ija mpaka Ada anamaliza sekondale. Dothi ankalithirira yekha m'mawa, mizere ankajambula yekha, ndipo alendo ankamukonda.

Chimodzi chokha chinavuta poyamba. Asanayambe kusewera ndi mlendo aliyense, Robson ankamufunsa chaka chimene anabadwa. Mayi wina wa ku Germany anakadandaula ku ofesi, ndipo Chantel anamuletsa. Robson anamvera, koma anasintha funso. Pomanga zingwe za nsapato ankafunsa, ngati nkhani yocheza chabe, kuti mlendoyo anali kuti pamene anthu anakaponda pamwezi. Amene ankati anali asanabadwe ankasewera nawo tenesi yeniyeni. Amene ankati anali kusukulu ankawafunsanso giredi. Amene ankati anali kuntchito ankabwerera kwawo atapambana.